Simenti ya Jairos pa Khoma la Abusa

Msuweni wanga Jairos Kachigamba anamanga nyumba kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri asanayambe ntchito yosambitsa nkhalamba kuno ku Mangalande. Ndayamba ndi mawu amenewa dala, chifukwa m'kalata yomuchotsa ntchito analembamo kuti ndi munthu wosadziwa za zomanga amene anakagwiragwira khoma la eni ake. Kalatayo ndili nayo m'dirowa, ndipo ndikaiona mutu umanditentha. Jairos wosadziwa? Pitani ku Ntchisi mukafunse amene anamanga nyumba ya abusa ya kwathu, ija inapirira mvula ya mkuntho pomwe sukulu yoyandikana nayo inagona pansi.

Ine ndine Edna, namwino, ndakhala ku Birmingham kuyambira 2004. Jairos ndi mwana wa amalume anga. Ndine wamkulu kwa iye ndi zaka zinayi, ndinamuberekapo kumbuyo ali ndi mamina mbwee. Mwa chisuweni amanditcha akazi anga, ngakhale pamaso pa amuna anga enieni a Nedson, ine n'kumamuyankha kuti mwamuna wonunkha simenti sindimufuna. Ndine ndinamupezera malo kuno mu 2023, nthawi imene nyumba zosungirako okalamba zinkatenga anthu kwathu. Kumudziko ntchito yomanga inali itauma, anthu atasiya nyumba zawo zili m'mawindo. Anasiya mkazi wake Twambilile ndi ana atatu, n'kukwera ndege koyamba ali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zinayi. Viza yake inali yomangirira pa ntchitoyo. Ntchito ikatha, nayenso watha, ndipo zimenezi ndinamuuza mpaka pakamwa kuuma.

Anapeza kachipinda ku Sparkhill, m'nyumba imodzi ndi azibambo awiri a ku Zambia. Ndikumuthandiza kumasula katundu ndinapeza mpeni womangira ndi levulo, atazikulunga m'chitenje cha mkazi wake.

"Iwe, zimenezi ndi za ntchito yanji? Kuno wabwera kudzapukuta anthu, osati kudzamanga."

"Nanga ndikanasiyira ndani, akazi anga? Ana aja akanakumbira mbewa."

Malo ake a ntchito anali m'katawuni kena kupitirira Solihull, mabasi awiri kuchokera ku Stratford Road. Kale inali nyumba ya abusa a Angilikani. Chaka chimene anaimanga, 1856, anachisema pamwala pamwamba pa chitseko. Mpingo unaigulitsa kalekale, kampani ina n'kuikamo mabedi khumi ndi asanu ndi atatu. Tsiku loyamba ndinamuperekeza pa galimoto yanga. Titangolowa pageti, munthu uja anatsika osatseka n'chitseko chomwe, n'kuima kukamwa kuli yasa.

Ine ndinkangoona chinyumba chakale chozizira. Iye anandikoka dzanja kuti ndione mmene anayalira njerwa: ina yogona m'litali, yotsatira yoonetsa mutu, choncho kuchokera pansi mpaka kudenga, popanda mzere ndi umodzi womwe wokhota. Pakati pa njerwa zofiira analowetsamo zina zakuda, zopanga timaluwa ngati ta pa mkeka woluka. Khonde la kutsogolo linali losongoka pamwamba ngati khomo la tchalitchi, ndipo pambali pake panali kachitsulo kopalira matope kunsapato. Denga linali la masileti, timiyala topyapyala. Machumuni anawerenga ndi chala, asanu ndi awiri, aatali, ena opotedwa ngati chingwe.

"Anthu awa ankalemekeza abusa awo," anatero akusisita khoma ndi chikhatho.

"Abusa ankawalemekeza, inde. Iwe khomo lako lili kuseri uko."

Sindinkanama. Nyumbayo anaimanga ndi masitepe a mitundu iwiri. Aakulu, a thabwa lonyezimira, anali a abusa ndi alendo awo. Ena opanikiza, otsika moti phazi silikwana bwino, anali a antchito, kuti asamakumane ndi mabwana m'njira. M'kanjira ka kukhitchini mudakali mabelu asanu ndi anayi oitanira antchito pa thabwa, lililonse ndi dzina la chipinda chake. Mabeluwo anasiya kulira kalekale, koma amene amakwera masitepe opanikizawo atanyamula zofunda zonyowa lero ndi a ku Malawi, a ku Zambia ndi a ku India. Ine zimenezi zinkandinyansa. Jairos ankangoti mmisiri amene anakhotetsa masitepewo m'kamalo kochepa chonchija anali ndi mutu.

Ntchito ankaigwira bwino, ndipo zimenezi palibe anatsutsapo. Manja ozolowera njerwa aja ankanyamula nkhalamba ngati dzira. Amene anamukonda kwambiri anali mayi Winnie McDonald, a zaka makumi asanu ndi anayi, mwana wa abusa omaliza kukhala m'nyumbamo. Anabadwira m'chipinda cha m'mwamba, anayenda dziko, atakalamba n'kupempha kuti adzathere pomwe anayambira. Anawapatsa chipinda cha pansi chimene bambo awo ankalemberamo maulaliki. Jairos akamawapesa tsitsi iwo ankamuuza za nyumbayo: kumene kunkakhala malasha, kachitseko kam'mbali kamene amphawi ankagogoda kuti aone abusa osadutsa pabalaza, zenera limene iwo anaswa ndi mpira nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati. Iye ankabwera nazo kwa ine Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi, ngati kuti ndinamutuma.

Chipinda cha mayi Winnie chinali ndi khoma loyang'ana kumpoto, losaona dzuwa. Pamwamba pake ngalande ya padenga inali itathyoka, ndipo mvula ikagwa madzi ankangotsetsereka pakhomapo. M'kati pepala la pakhoma linafufuma, pakona panamera chuku chakuda, gogoyo n'kumatsokomola. Jairos analemba m'buku la zofunika kukonza katatu. Manijala wawo, mayi wina dzina lake Fiona, ankangomwetulira n'kunena kuti zili pa mndandanda. Chaka chinatha zili pa mndandanda.

Tsiku lina pa nthawi yopuma anazungulira kuseri, n'kukanda ndi kiyi mzere wa pakati pa njerwa. Unangoyoyoka ngati ufa. Anandiimbira foni nthawi yomweyo.

"Asuweni, mukudziwa kuti nyumba ija anamangira dothi? Dothi loyera, lofewa, ndakanda ndi kiyi likungogwa. Nyumba ya abusa, dziko lolemera ngati lino, osaikamo ndi thumba limodzi lomwe la simenti. N'chifukwa chake madzi akulowa."

Amene sanakulire kwathu sangamve chimene chinkamupweteka. Kwathu nyumba ya abusa ndi ya mpingo wonse. Ukaona mng'alu supita kukapempha chilolezo kwa munthu. Amayi amabwera ndi matsache, abambo ndi makasu, mmisiri ndi mpeni wake, ndipo wochita manyazi ndi amene waona vuto n'kudutsa. Komanso simenti kwathu ndi ulemu. Dothi amamangira munthu amene sanakwanitse. Jairos moyo wake wonse wakhala akugumula dothi m'makoma a anthu n'kuikamo simenti, iwo n'kumamuthokoza ndi nkhuku. Kwa iye zinalibe kanthu kuti abusa anachokamo zaka makumi asanu zapitazo. Mwana wawo anali momwemo akutsokomola.

Ndiye atandipempha kuti ndimunyamulire katundu, sindinaganize kawiri. Loweruka lina mu Ogasiti tinapita kusitolo ya zomangira ku Small Heath. Anagula matumba anayi a simenti ndi ena a mchenga, tinaponya m'buti ya galimoto yanga, thumba limodzi n'kung'ambika pakona. Ndinamutula pageti lakuseri. Pachipilala cha getilo pali kachikwangwani kobulungira kamene a bungwe loona za mbiri yakale anakhomapo. Ndinaima pafupi nako tsiku limenelo ndikukuntha siketi yanga. Zaka makumi awiri m'dziko muno, Chingerezi cha kuchipatala chili phaa m'kamwa, koma sindinakawerenge.

Anagwira masiku ake opuma asanu ndi limodzi. Ankakolokosa dothi loyera lija m'mizere, kutsuka, n'kudzazamo simenti yamphamvu, fosholo imodzi ku mafosholo atatu a mchenga, kuchokera pansi mpaka pamene kamakwerero ka m'shedi kankafika. Sankabisala. Ankagwira masana dzuwa likuswa mtengo, wailesi ya pafoni ikuimba nyimbo za kwaya. Fiona anamuona. Anamubweretsera tiyi ndi mabisiketi awiri, anati "Oh, lovely," n'kumujambula ndi foni yake kuti akaonetse eni kampani mmene antchito ake amakondera malowo. Mayi Winnie ankagogoda pazenera n'kumamubayibitsa. Atamaliza anandiitana kuti ndikaone. Mizere inali yowongoka ngati wachita kujambula ndi rula, ndipo ndinamuuza kuti mwina ndingamukwatiwe ndithu.

Kenako kunabwera chisanu cha mu Januwale. Ngalande ya padenga inali ikadali pa mndandanda, madzi akutsikabe pakhoma. M'mawa wina Jairos anapeza tizibenthu tofiira tili mbwee pansi pa zenera. Nkhope za njerwa zinali zikusupuka, simenti yake ili chilili, yosagwedezeka. M'kati chinyontho chinakwera mpaka kufika m'chiuno. Mayi Winnie anawatengera kuchipatala ndi chibayo, ndipo atabwerako anawaika m'kachipinda kena m'mwamba, koyang'ana koimika magalimoto.

Bambo wina woyenda ndi galu ndiye anakanena kukhonsolo. Kunabwera mayi woona za nyumba zakale, ndi kamera ndi nsapato zamatope, ndipo ndi iye anatiphunzitsa zimene aliyense akanatiuza m'mphindi ziwiri. Loyera lija silinali dothi. Anali laimu, ndipo anamufewetsa dala. Njerwa zakale n'zofewa, zimamwa madzi, ndiye madziwo amatulukira m'mizere ya laimu, khoma n'kuuma. Ukatseka mizereyo ndi simenti madzi amasowa potulukira, amakhala m'njerwa, chisanu chikabwera amaundana n'kuiphulitsa. Ndipo nyumbayo ndi yotetezedwa ndi lamulo. Kuisintha popanda chilolezo ndi mlandu, ngakhale utakhala mwini wake. N'zimene zinalembedwa pa kachikwangwani kaja.

Khonsolo italembera kalata eni kampani, kampani inafuna khosi loti ikolekepo chingwe. Anamuitanitsa ku msonkhano Lachitatu m'mawa, n'kumuuza kuti atha kubwera ndi munthu mmodzi. Anatenga ine. A Nedson anandichenjeza ndisanatuluke m'nyumba kuti nkhaniyi ili ndi fungo la khoti, ndipo namwino akatchulidwa pa mlandu mapepala ake amagwedezeka. "Mukangokhala phee, amayi. Muli ndi ana inu."

Anatikhazika m'chipinda chimene kale abusa ankadyeramo, denga lake lokongoletsedwa ndi masamba a pulasitala. Kutsogolo kunali Fiona ndi mwamuna wina wa kulikulu la kampani, dzina lake Brandon, wa tayi yopyapyala, amene sanayang'ane Jairos kumaso ndi kamodzi komwe. Anamufunsa ngati anapatsidwa chilolezo cholembedwa. Jairos anati ayi, koma amanijala ankaona, anamupatsanso tiyi. Fiona anatukula mapewa n'kunena kuti iye ankaganiza kuti akungotsuka khoma. Kutsuka khoma ndi matumba anayi a simenti? Ndinamuyang'ana mayi ameneyo mpaka anagwetsa maso pa mapepala ake. Jairos anatchula za chithunzi, Fiona anati sakukumbukira. Anatchula za buku la zokonza ndi ngalande ija, Brandon anati imeneyo ndi nkhani ina. Anapempha kuti afunse mayi Winnie, iwo anati gogoyo mutu wake sukuyenda bwino masiku ano, pomwe dzulo lake anali atamuuza Jairos mayina a agalu onse amene bambo awo anaweta.

Kenako Brandon anatembenuza pepala.

"Simenti imeneyi inafika bwanji kuno? Galimoto mulibe. Alipo amene anakuthandizani?"

Makiyi a galimoto anali m'manja mwanga, ndinawafinya mpaka anandidinda chikhatho. Jairos sanacheuke n'komwe.

"Ndinali ndekha, bwana. Ndinkakwera nayo basi, thumba limodzi limodzi."

Ine, Edna, wodziwika ku mpingo konse kuti pakamwa panga sipatsekeka, amene ndinakalipirapo dokotala pamaso pa odwala, ndinakhala duu. Sindinanene kuti ndine ndinanyamula. Sindinanene kuti ngati munthu wa zaka makumi awiri m'dziko muno sanadziwe, mlendo wa chaka chimodzi akanadziwira kuti. Mwina sizikanasintha kanthu, a Nedson amatero mpaka lero. Koma sindinayese, ndipo zimenezo zimandidya.

Anamuchotsa tsiku lomwelo. Khonsolo sinapite naye kukhoti, inangolamula kampani kuti ikonze khomalo moyenera. Patapita milungu ingapo kalata ya boma inafika ku Sparkhill: masiku makumi asanu ndi limodzi, miyezi iwiri yokha, apeze kampani ina yomutenga kapena anyamuke. Tinalemba makalata ofunsira ntchito mpaka ndinasiya kuwerenga. Tinapita ku Wolverhampton, ku Walsall, ku Coventry. Kulikonse ankamukonda akamuona, kenako ankaimbira foni kumene anachoka, n'kumva mawu awiri aja akuti gross misconduct, kulakwa kwakukulu pa ntchito, basi zatha. Amayi a kumpingo anasala kudya. Mmodzi wa a ku Zambia aja anamuuza kuti angosowa, alipo ambiri akukhala choncho. Jairos anakana.

"Ndizithawa wapolisi aliyense ngati ndinaba? Ine sindinabe, asuweni. Ndinakonza nyumba ya abusa."

"Unaiwononga, chitsiru iwe," ndinamukalipira, misozi ili m'maso. "Ndinakuuza kuti wabwera kudzapukuta anthu."

Anangoti kwa Twambilile ndinena ndekha, inu musamuimbire.

Tsiku lonyamuka ndege inali ya madzulo. Tili m'njira anandipempha kuti tidzere kunyumba ija. Ndinakana kawiri, kachitatu ndinakhota. Khoma lakumpoto linali litazingidwa ndi nsanja zazitsulo. Ndinayang'ana m'mwamba, ngalande ya padenga inali yatsopano, yakuda, yonyezimira. Ndinamva pambuyo pake kuti anaikonza tsiku limodzi. Ndinatukwana mawu amene sindingalembe pano.

Pansanjapo panali bambo wina wa imvi, wakuda ngati ife, akugogoda pang'onopang'ono ndi tchizulo. Anatsika n'kunena kuti dzina lake ndi Malachi, wa ku Handsworth, makolo ake anachokera ku Jamaica, ndipo ntchito yake ndi yokonza nyumba zakale zokhazokha. Jairos anavula chipewa n'kumuuza kuti simentiyo anaika ndi iye. Ndinkayembekeza kuti amunyoza. Malachi anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anaseka.

"Ndiwe? Milungu itatu ndikulimbana ndi simenti yako. Zipangizo unalakwitsa, m'bale wanga, koma mizere yowongoka chonchi ndinaiona komaliza kwa amene anandiphunzitsa ntchito."

Anatapa laimu wonyowa m'chidebe n'kumuika m'chikhatho. Jairos anamufinya, kumununkhiza, kumupaka pakati pa zala. Anafunsa kuti amasakaniza ndi mchenga wotani, amauma masiku angati, nanga kukatentha ngati kwathu amatani. Malachi anayankha zonse. Kenako Jairos anavula jekete la suti yake ya paulendo, anandipatsa kuti ndigwire, anapempha tchizulo ndi hamala, n'kuyamba kugumula mzere wa m'munsi umene anayambira mu Ogasiti. Ankadziwa pamene anakanikiza kwambiri ndi pamene anapepuza dzanja, ndipo simenti inkatuluka m'zidutswa zazitali osabenthula njerwa. Malachi anaimirira n'kumangoyang'ana. Anati akanakhala ndi mapepala otengera munthu wakunja akanamulemba mawa lomwe, koma iye ndi munthu mmodzi ndi kaveni kake.

Ndinamusiya agwire theka la ola. Pazenera la m'mwamba sipanaoneke munthu, ndipo m'kati sakanamulola kulowa. Pochoka anatsegula chikwama chake cha m'manja, anatulutsa levulo ija n'kumupatsa Malachi. Mpeni womangira anausunga.

Ku bwalo la ndege tinafika mochedwerapo. Ndinatsegula buti kuti atulutse sutikesi yake, ndipo pansi pake panali poyera ndi fumbi la simenti ya thumba long'ambika lija, limene linakhala m'makona a butiyo kuyambira Ogasiti. Ndinkafuna kunena pomwepo. Ndinali nditakonza mawu njira yonse, oti pepa, ndinakusiya wekha m'chipinda chija. Iye anakuntha sutikesiyo ndi chipewa, anasuzumira m'butimo, n'kutsitsa mawu ngati pali wina akumvetsera.

"Akazi anga, mukasese m'butimu mukafika. Angadzaone."

Anakoka sutikesi yake n'kulowa. Ine ndinakhala m'galimoto mpaka wa yunifolomu anabwera kudzagogoda pagalasi kuti ndichoke. Papita miyezi isanu ndi iwiri. A Nedson andiuza kangapo kuti zogula za kusitolo zikumafika kunyumba zili ndi fumbi, ndipo ndawayankha kuti azinyamula pa galimoto yawo. Sindinasese.